Mwana amakhoza History koma Masamu ndi sayansi zikumukanika: asiye?

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Mchinji. Mwana wawo wamkazi ali Fomu 3 pa sekondale yoyendera ya CDSS. Pa mayeso a teremu yathayi anakhoza bwino History, Chichewa ndi Bible Knowledge, Chingerezi ndi Agriculture anapeza zapakatikati, koma Masamu, Physics ndi Chemistry analakwa zonse zitatu. Mwanayo akuti mutu wake si wa masamu, bola asiye zitatuzo alimbikire zomwe zikumuyendera. Chonsecho mwana yemweyo akufuna kudzakhala namwino. Mayiwo akufunsa kuti amulole kapena amukakamize.

Mayi, musamulole kusiya. Koma kumukalipira kuti aziwerenga kwambiri sikuthandizanso, chifukwa mwana wokhoza History ndiye kuti amawerenga kale. Vuto lili pena.

Tiyambe ndi malamulo a mayeso, poti ana ambiri amanamizana pa nkhaniyi. Pa MSCE, bungwe la MANEB limapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass, 9 ndiye kulephera. Mapointi amawerengedwa pa maphunziro asanu ndi limodzi omwe mwana wakhoza bwino koposa. Apa ndi pomwe mwana wanu akutengera nzeru yake: akuona kuti atha kusonkhanitsa mapointi abwino popanda Masamu. Zoona, satifiketi atha kuipeza, bola akhoze Chingerezi. Koma posankha ana opita ku mayunivesite a boma kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, sayang'ana mapointi okha. Kosi iliyonse ili ndi maphunziro ake omwe imafuna, ndipo za unamwino ku KUHeS, yunivesite ya boma ya zaumoyo, zimayang'ana Biology, sayansi zinazo ndi Masamu. Mwana atha kukhala ndi mapointi osiririka, anthu kumuyamikira m'mudzi monse, koma khomo la unamwino litatsekeka kale tsiku lomwe anasiya Chemistry. Chaka chilichonse zofunika pa kosi iliyonse zimalengezedwa. Pemphani aphunzitsi akuonetseni chilengezo cha chaka chatha, muwerenge pamodzi ndi mwanayo. Akaona yekha ndi maso, mkangano utha msanga.

Tsopano za kulakwako. Mukuona ngati maphunziro atatu amugonjetsa, koma nthawi zambiri chimakhala chinthu chimodzi chomwe chikuonekera katatu. Kuyambira pomwe Physical Science inagawidwa kukhala Physics ndi Chemistry, mwana wofooka pa masamu a ku pulayimale amalangidwa pa mapepala atatu. Physics ya Fomu 3 ikati pezani liwiro la galimoto, ndi kugawa mtunda ndi nthawi basi. Chemistry ikafika pa ma mole, muyeso wa kuchuluka kwa zinthu, ndi kugawa kulemera kwa chinthu ndi nambala ina. Mwana yemwe mafulakishoni, madesimo ndi mapelesenti anangowadutsa mothamanga ali Sitandade 6 amamva bwinobwino zomwe aphunzitsi akufotokoza, koma akafika pa mzere wowerengera dzanja limauma. Kenako amayamba kunena kuti sayansi si yake.

Mutha kuyesa nokha pakhomo, simukufunika kukhala mphunzitsi. Inu a ku Mchinji feteleza mumamudziwa. Muonetseni thumba la Urea la makilogalamu 50. Pathumbapo palembedwa 46, kutanthauza kuti pa magawo 100 alionse, 46 ndi nayitrojeni. Mufunseni kuti m'thumba lonselo muli makilogalamu angati a nayitrojeni. Yankho ndi 23. Akapeza, mupatseni lina: munda wa hekitala imodzi, mizere yotalikirana masentimita 75, mapando otalikirana masentimita 25, mbewu imodzi paphando, monga alangizi amanenera pa kabzalidwe ka Sasakawa. Mapesi akhala angati? Ayenera kusintha masentimita kukhala mamita, achulukitse 0.75 ndi 0.25, kenako agawe 10,000 ndi yankholo. Apeza pafupifupi 53,000. Musamuuze yankho, ingoyang'anani pomwe cholembera chaima. Ngati waima posintha masentimita, dzenje lili pa miyeso. Ngati waima pochulukitsa madesimo, dzenje lili pamenepo. Ana ena amadziwa zonsezi koma sadziwa choyambira, ndipo amenewo vuto lawo ndi kumva funso.

Ndasankha dala mafunso a Agriculture chifukwa mwana wanu amaikhozako ndipo saiopa. Masamu omwe akuwathawa m'kalasi ina akuwachita kale m'kalasi inzake osadziwa. Ku Geography, mapu a 1:50,000 amatanthauza kuti masentimita awiri papepala ndi kilomita imodzi pansi. Ku Biology ya Fomu 4 akakumana ndi nsawawa za Gregor Mendel, wasayansi yemwe anafufuza za chibadwa, zomwe zinkamera zitatu zazitali pa imodzi yaifupi. Ngakhale unamwino womwe akuufunawo, mankhwala a mwana wodwala amayezedwa potengera kulemera kwa thupi lake, ndipo namwino wosokoneza desimo imodzi atha kupha munthu. Ndimadandaula kuti aphunzitsi ambiri sauza ana zimenezi. Aliyense amangolowa ndi buku lake, belu likalira n'kutuluka, ana n'kumaganiza kuti maphunzirowa sadziwana.

Pali chinanso chomwe ndikuchikayikira mwa mwana wanu. Maphunziro atatu omwe akukhozawo amalola kuloweza. Ukawerenga notsi za John Chilembwe kanayi, chaka cha 1915 chimakhazikika m'mutu, pa mayeso n'kungochitulutsa. Mwana akazolowera kupambana motero amatenga njira yomweyo kupita nayo ku Masamu: amatsegula kope, n'kumawerenga zitsanzo zomwe aphunzitsi analemba pa bolodi, mutu n'kumagwedeza kuti ndamva. Masamu sawerengedwa choncho. Atseke kope, atenge pepala loyera, asove yekha, alakwitse, abwerere kukaona pomwe wasochera. Mafunso asanu osova yekha aposa masamba makumi awiri ongoyang'ana. Mukamuona madzulo ali ndi buku la Masamu koma m'manja mulibe cholembera, dziwani kuti palibe chikuchitika.

Chingerezi chake chapakatikaticho musachipeputse. Kupatula Chichewa, pafupifupi mapepala onse amabwera m'Chingerezi, ndipo funso la Physics limakhala kankhani kafupi komwe uyenera kukamvetsa usanagwire nambala. Muuzeni kuti asanasove funso lililonse, azikufotokozerani m'Chichewa zomwe likufuna: tapatsidwa chiyani, akufunsa chiyani. Ngakhale inu musadziwe Physics, mumva ngati akulankhula zomveka kapena akungobwereza mawu a m'buku.

Zochita zake si zambiri. Apeze buku la Masamu la Sitandade 7 kapena 8, ngakhale kubwereka kwa mng'ono wake, abwereze mafulakishoni, madesimo, mapelesenti ndi miyeso kwa mphindi makumi atatu tsiku lililonse. Achita manyazi, n'chifukwa chake izi zichitikire m'nyumba, osati pamaso pa anzake. Kusukulu apeze mnzake wokhoza Masamu koma wovutika ndi History, azisinthana. Gulu lisapitirire anthu anayi, likakula limasanduka bwalo la miseche. Mapepala akale a MANEB ayambe kuwagwira pano, posankha mafunso a mitu yomwe aphunzira kale, osadikira teremu yomaliza ya Fomu 4 pomwe aliyense akuwalimbirana.

Za maphunziro apadera olipira, omwe ana amati part time, ndili ndi maganizo awiri. Ngati mphunzitsiyo akukhala ndi ana ochepa n'kumayang'ana kope la aliyense, ndalama yanu yagwira ntchito. Koma ambiri amangodzaza chipinda n'kubwereza zomwe zaphunzitsidwa m'mawa, pa liwiro lomwelo. Mwana yemwe dzenje lake lili ku pulayimale satolako kanthu. Musanalipire, funsani kuti m'kalasimo muli ana angati.

Pitaninso kusukuluko mukaonane ndi mphunzitsi wa Masamu, mupemphe kuona pepala lomwe mwana analemba, osati malikisi okha. Ngati wasiya mafunso ambiri osayankha, ndi mantha kapena nthawi inamuthera. Ngati wayankha onse koma njira yake ndi yolondola, yankho lokha ndiye lolakwika, ndiye kuti ndi madesimo aja, ndipo teremu imodzi yolimbikira itha kumukweza kuchoka pa 9 kufika pa 7. Cholinga cha chaka chino chikhale chimenecho. Credit ya 6 kapena 5 aisake ali Fomu 4.