Za CD burner ya kunyumba: taonani kaye izi musanatulutse ndalama

Amayi, ndaona funso lanu lija, loti mukufuna CD burner ya kompyuta ya kunyumba kuti muzibena nyimbo za kwaya yanu zogulitsa komanso kusunga zithunzi za banja, ndiye mukufunsa kuti yabwino ndi iti. Ena akuyankhani kale kuti ma CD anatha fasho, ingogulani flash. Sakunama kwenikweni, koma zomwe mwafunsa sanayankhe. Agogo a kumpingo amene ali ndi wailesi ya CD pabalaza simungawagulitse flash. Ndiye ndiloleni nditalikitseko, chifukwa ntchito imeneyi ndaichita zaka zambiri ndipo zimbale zomwe ndinawononga pophunzira zikhoza kudzadza dengu.

Musanapite kusitolo, yatsani kompyutayo mutsegule This PC. Mukaona polembedwa DVD RW Drive, ndiye kuti chobenera muli nacho kale, ndalama zanu sungani. Makompyuta ambiri a Dell ndi HP ogwirako kale ntchito m'maofesi akunja amabwera nacho, koma eni ake sadziwa. Pakalembedwa DVD Drive kapena CD Drive basi, kapena kumaso kwa kathireyi kolowetsera chimbale kukalembedwa DVD-ROM, chimenecho nthawi zambiri chimangowerenga, sichilemba. Palinso zakale zotchedwa combo, zolembedwa CD-RW/DVD-ROM: zimabena CD koma DVD zimangowerenga.

Ngati mulibe, kusitoloko musakafunse makina obena ma CD okha, anasiya kuwapanga kalekale. Kafunseni DVD writer. Imabena CD-R (yobena kamodzi kokha), CD-RW (yofufutika) ndi ma DVD omwe, ndipo ndi imene anthu akutanthauza masiku ano akamati burner. Wogulitsa akayamba kukukopani ndi ya Blu-ray, yodula kwambiri, mukaneni mwaulemu. Pa ntchito mwatchulayi mulibe nayo chochita.

Tsopano pali mitundu iwiri. Ina imamangidwa mkati mwa kompyuta ya patebulo, ina ndi yakunja yolumikiza ndi USB. Ngati yanu ndi ya bokosi lalikulu lija loimirira, ndipo kutsogolo kuli malo ake otsekedwa ndi kapulasitiki, ine ndingasankhe yamkati. Ndi yolimba, imatenga mphamvu kuchokera mu kompyutamo, imathamanga mpaka 48x pa CD ndi 24x pa DVD (za manambala a liwirowa ndifotokoza pansipa), ndipo nthawi zambiri ndi yotsikirapo mtengo. Imalumikizidwa ndi kachingwe kopyapyala ka SATA. Koma ngati kompyuta yanu ndi yakale kwambiri, ya chingwe chophwatalala ngati lamba cha mapini 40 chotchedwa IDE, zatsopano sizingalowe pamenepo pokhapokha ngati mulinso malo a SATA. Makompyuta ang'onoang'ono a mu ofesi aja nawonso amafuna yopyapyala ngati ya laputopu, yaikulu siikwana.

Yakunja ndi ya anthu a laputopu, popeza malaputopu ambiri atsopano alibe polowetsa chimbale. Imafika 24x pa CD ndi 8x pa DVD, zomwe n'zokwanira. Vuto lake ndi limodzi: mphamvu. USB 2.0 imapereka 500mA basi pamene USB 3.0, ija ya buluu mkati, imapereka 900mA, ndipo pobena makina amakoka moto wambiri kuposa powerenga. N'chifukwa chake zina zimabwera ndi chingwe cha mitu iwiri. Mitu yonseyo ilowe, musasiye umodzi ukulendewera. Pa kompyuta ya patebulo, lumikizani kumbuyo, osati kutsogolo kapena pa kahabu kaja kogawa ma USB anayi. Mukamva makina akuzungulira, kuima, kuzunguliranso ngati galimoto yokanika kulira m'mawa, kawirikawiri ndi moto wachepa, osati kuti afa.

Apa laputopu ili ndi mwayi umodzi waukulu kwathu kuno. Magetsi akathima chimbale chili pakati pobenedwa, CD-R imeneyo yapita, simungaipitirize kapena kuifufuta. Laputopu imapitiriza ndi batire. Ya patebulo ikufunika UPS, kabokosi ka batire kosunga moto, ngakhale yaing'ono yongokupatsani mphindi 10 zomalizira chimbale chomwe chili mkaticho.

Mayina odalirika ndi ochepa: LG, ASUS, Lite-On ndi Pioneer. Kunena zoona, pakati pa amenewa kusiyana kwake n'kochepa kwambiri moti musavutike mutu. Yamkati, ASUS DRW-24D5MT kapena LG iliyonse yoyamba ndi GH24 ndi yabwino. Yakunja, LG GP65 kapena ASUS ZenDrive. Sony anasiya kupanga makina amenewa mu 2013, Samsung mu 2016, ndiye mukapeza "yatsopano" ya mayina amenewo dziwani kuti mwina yagonera m'shelefu zaka zambiri, mwinanso dzinalo angomata.

Chomwe ndikukuchenjezani ndi tija topanda dzina, tosalala tonyezimira ngati siliva, tolembedwa kuti External USB Drive basi. Ndinagulapo kamodzi m'tauni chifukwa mtengo wake unali theka la zinazo. Zimbale zitatu zoyamba zinatuluka bwinobwino. Chachinayi chinaima pakati, chachisanu chimodzimodzi. Nditatopa ndinamasula tizomangira tiwiri kunsi kwake, ndipo mkati ndinapezamo makina a laputopu yakale, fumbi lili mbuu pa diso lake, chomata chake chikusonyeza kuti anapangidwa zaka zoposa khumi m'mbuyomo. Chatsopano chinali chikuto chokha. Sikuti tonse tili choncho, koma simungadziwe musanatsegule, ndipo mukatsegula sakulandiraninso.

Za kaunjika zamayina odziwika sizoipa, bola muyese pompo. Ndipo muyese ndi CD yeniyeni, osati DVD. Mkatimo muli ma laser awiri osiyana, wina wa CD wina wa DVD, ndiye makina akhoza kuonetsa filimu ya pa DVD bwinobwino pamene mbali ya CD inatopa kalekale. Tengani CD-R yopanda kanthu m'chikwama, muuze wogulitsayo abene nyimbo ziwiri zitatu inu mukuona. Akakana, tulukani. Akavomera, musaiwale lisiti.

Komatu, amayi, nkhani yaikulu siili pa makina. Anthu ambiri amene amabwera kwa ine akudandaula kuti burner yawo ndi yachabe, vuto limakhala zimbale zomwe akugula kapena mmene akubenera.

Tiyambe ndi zimbale. CD-R simadindidwa ngati chimbale cha ku fakitale. Mkati mwake muli utoto wopyapyala umene laser imawotcha timadontho, ndipo utoto umenewo ukakhala wotchipa, chimbale chikhoza kuimba lero koma pakatha chaka n'kumangodumphadumpha. Zabwino koposa zinali za Taiyo Yuden za ku Japan, koma kampaniyo inasiya kuzipanga mu 2015. Zomwe mungapeze mosavuta n'kuzidalira ndi Verbatim, makamaka zolembedwa AZO. Zamulu zija zopanda dzina zokulungidwa m'pulasitiki, ndalama zomwe mwapulumutsa pogula mudzazitaya pa zimbale zokanika. Ndipo poti mayina odziwika nawonso amaberedwa, musayambe ndi kugula 100. Gulani zisanu, benani, yesani, kenaka bwererani pomwepo mukatenge zambiri za mtundu womwewo.

Za kwaya gulani CD-R, osati CD-RW. CD-RW ndi yabwino poyeserera chifukwa imafufutika, koma imabweza kuwala kochepa moti mawailesi akale ambiri saiona n'komwe.

Chinthu china chomwe ambiri sadziwa: pa CD, mbali yosachedwa kuwonongeka ndi yapamwamba, yolembapo dzina. Nyimbo zili pansi penipeni pa utoto wa pamwambawo. Kukalika kwa kunsi nthawi zina kumapukutika, koma mukakala pamwamba ndi bolopeni, mwaboola nyimbo. Lembani ndi maka yofewa. Mapepala omata aja ndimawakana kotheratu ngati zimbale zikupita m'magalimoto, chifukwa kukatentha amatukuka n'kukodwa mkati mwa wailesi. Mukafuna zooneka bwino, pali ma CD oyera pamwamba osindikizika ndi printa yake. Ndipo ogula muziwauza kuti asasiye chimbale pa dashibodi padzuwa la Okutobala.

Kenaka liwiro. Manambala aja a 48x kapena 52x pa bokosi asakutengeni mtima. 1x ndi 150KB pa sekondi, liwiro lomwe chimbale chimaimbira, kutanthauza kuti cha mphindi 80 chimabenedwa mphindi 80. Pa 48x, ndipo liwiro limenelo makina amalifika chakumapeto kwa chimbale kokha, chimatha pafupifupi mphindi 3. Pa 16x ndi mphindi 5 kapena 6. Kusiyana kwake ndi nthawi yothira shuga mu tiyi, koma chobenedwa pa 16x chimawerengeka mosavuta m'mawailesi okalamba. Kuthamanga sikufika. Musatsikenso mpaka 2x kapena 4x poganiza kuti ndiye zikhala bwino koposa, zimbale za masiku ano sanazipangire liwiro lotsika choncho ndipo makina ambiri sangavomere n'komwe.

Tsopano pomwe ndinagwa ine. Kwaya ya kwathu itajambula nyimbo zake, anandipatsa ntchito yobena zimbale 50 zoti tikagulitse Lamulungu. Ndinakhala usiku wonse, ndikumayesa chimodzichimodzi pa kompyuta yomweyo, zonse zikuimba. Lolemba m'mawa foni inayamba kulira. A mkulu wa mpingo akuti m'galimoto mwawo chikungolemba Error, amayi ena akuti wailesi yawo ikuti No Disc. Ndinali nditakokera mafayilo a MP3 pa chimbale ngati ndikuika pa flash. Pa kompyuta zimaimba, pa DVD player zimaimba, koma wailesi wamba ya CD sidziwa kuti MP3 n'chiyani. Ndinabweza zonse ndi ndalama za m'thumba mwanga, ndipo manyazi ake sindinawaiwale.

Ndiye dziwani kuti pali Audio CD ndi Data CD. Audio CD ndi imene imaimba paliponse, ndipo imayezedwa ndi nthawi: mphindi 80 basi, kaya mafayilo anu ndi aang'ono bwanji. Data CD imayezedwa ndi kukula, 700MB, ndipo imatha kunyamula nyimbo za MP3 zoposa 100, koma imaimba pa makina odziwa MP3 okha. Izi n'zofunika kwambiri chifukwa cha magalimoto athu ochokera ku Japan, ma Vitz, ma Passo, ma Sienta. Wailesi zake zambiri zimagwira FM kuyambira 76 kulekeza 90, ndiye masiteshoni ambiri a kuno sizigwira, eni ake n'kumadalira CD. Amenewo ndiwo makasitomala anu enieni, ndipo mawailesi awo ena sawerenga MP3.

Mukalowetsa chimbale chopanda kanthu, Windows imafunsa ngati mukufuna kuchigwiritsa ntchito "Like a USB flash drive". Pa nyimbo musasankhe zimenezo. Tsegulani Windows Media Player, pitani pa Burn, sankhani Audio CD. Kapena ikani CDBurnerXP kapena ImgBurn, onse ndi aulere, bola muwatenge pa tsamba la eni ake. Nero ndi yabwino koma ndi yolipira, ndipo yobedwa ija amakuikirani anyamata a pa burning nthawi zambiri imabwera ndi ma virus. Chongani poti Finalize kuti chimbale chitsekedwe, chifukwa chosatseka mawailesi ambiri amachikana, komanso poti Verify ngati palipo, kuti makina awerengenso zomwe alemba. Chimbale choyamba chikatuluka, musapitirize. Kachiyeseni pa wailesi yakale kwambiri imene mungaipeze ndi m'magalimoto awiri osiyana.

Ku studio kapempheni nyimbo zanu mu WAV, mtundu wa mafayilo osafinyidwa, pa flash. Zomwe zadutsa pa WhatsApp kangapo, wina kutumiza kwa wina, nthawi zambiri zimakhala zofinyidwa kale, ndipo palibe burner imene ingabwezeretse mawu a bass amene anatayika panjira.

Muwerengerenso nthawi. Zimbale 100 pa mphindi 6 chimodzi ndi maola 10 mutakhala pampando, ndipo kakunja kopyapyala kaja kamatentha, kamafuna kupumitsa. Zikapitirira pamenepo ndi bwino kubena chimodzi chabwino n'kupita nacho kwa amene ali ndi duplicator yobena zambiri nthawi imodzi. Ndipo poti mukugulitsa, pitani ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo lomwe lakhalapo kuyambira 1992, mukalembetse nyimbo zanu ndi kufunsa za zomata za hologram. Nyimbo za oimba ena musaike pa chimbale chogulitsa popanda chilolezo, ngakhale zitakhala zauzimu.

Za zithunzi za banja, gwiritsani ntchito DVD, osati CD. Imodzi ndi 4.7GB, kuposa ma CD asanu ndi limodzi. Benani ziwiri zofanana, ina isungidwe kwa achibale kwina, m'kachikuto kake, pamalo pamthunzi posafika chinyezi. Makina a LG ndi ASUS ndatchula aja ambiri amabenanso M-DISC, chimbale chopanda utoto wosuluka uja chomwe anachipangira kusunga zinthu nthawi yaitali, ngati mungachipeze. Koma zithunzi za ukwati kapena za makolo amene anatisiya musazisiye pa chimbale chokha. Google Drive imapereka 15GB ulere, ikaninso kumeneko tsiku lomwe muli ndi bandulo yokwanira.

Jambulani kutsogolo ndi kumbuyo kwa kompyuta yanuyo muike pansi apa, pamodzi ndi zomwe zalembedwa mu This PC, ndikuuzeni ngati ikufuna yamkati, yakunja, kapena ngati mungofunika kugula zimbale basi.