Amuna anga samva nthabwala, ndatopa kuchita manyazi

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 34, ndimakhala ku Chilobwe ndipo ndili pabanja zaka 9 tsopano. Bambo a kunyumba samwa, samenya, ndalama ya lendi amaipatula tsiku lomwe alandira. Vuto lawo ndi limodzi: samva nthabwala. Mwezi watha tinali ku chinkhoswe cha mng'ono wanga ku Machinjiri. Achimwene anga anawauza pagulu kuti, "Alamu, inu ndiye bwana wa ku Limbe, zakumwa zonse lero zili pa inu." Aliyense anadziwa kuti ndi zachilamu chabe. Iwo ananyamuka mwakachetechete, n'kukatapa K70,000 ya lendi, n'kubwera ndi makireti. Achimwene anawajambula pa foni akutsitsa makiretiwo n'kuponya pa gulu lathu la WhatsApp, moti mpaka lero abale akuwatchula kuti bwana makireti.

Titafika kunyumba ndinati, "Mwachita bwino zedi, bambo. Mwezi uno tikagona kumsika." Anati zikomo, kenako n'kufunsa kuti kumsikako tikagona chifukwa chiyani. Ndinatha masiku atatu osawalankhula, iwo n'kundigulira Panado poganiza kuti mutu ukundipweteka. Koma akakhala ndi mwana wathu wa zaka 7, yemwe madokotala anati ali ndi autism (chibadwa chimene chimapangitsa munthu kumva zinthu ndi kucheza ndi anthu mosiyana ndi ena), amaseka mpaka misozi zinthu zopanda mutu, monga zoti mtengo wa shuga wakwera. Amayi anga akuti munthuyu ndi wodzimva, amachitira dala. Kodi ndipite kwa ankhoswe?

Mayi wa ku Chilobwe

Mayi,

Za achimwene anu sinditayirapo nthawi. Munthu amene waona mlamu wake akutsitsa makireti, m'malo momuthamangira kuti "alamu, kabwezeni, ndimangocheza" iye n'kutulutsa foni, ameneyo sankacheza. Ndipo zakumwazo anamwa nawo. Chilamu ndimachidziwa, ndinakulira momwemo, ndipo chimakoma pamene onse awiri akuseka. Abweze K70,000, afufute kanemayo, ndipo wokawauza zimenezi ndinu mlongo wawo, osati amuna anu.

Chimene chandiimitsa m'kalata yanu ndi mtengo wa shuga uja. Mwaulemba mothamanga, chakumapeto, ngati umboni woti amuna anu ndi achibwana. Taimani kaye tiuone. Munthu akalowa m'nyumba n'kudandaula kuti mtengo wakwera, tonse timamva za ndalama. Koma mawu akuti mtengo ali pawiri: pali wa pamsika, pali wa mango uli pabwalo. Anthu ndi amene amakwera mtengo. Nanga mtengowo ukakwera, wakwera chiyani? Ndani anauonapo uli pamwamba pa mnzake? Imeneyo ndi nthabwala yeniyeni, yomangidwa bwino, yochokera kwa munthu amene amamvetsera mawu mwatcheru kuposa ife amene timangowameza osatafuna. Bambo ndi mwana anaipeza okha ndipo imawalitsa misozi. Inu munaima pakhomo n'kuitcha yopanda mutu. Ndiye ndani m'nyumba mwanumo amene sanamve nthabwala?

Munthu woseka choncho nthabwala amazimva. Chimene chimawavuta ndi mtundu umodzi wokha: kulankhula motembenuza, pamene pakamwa pakunena china mtima ukutanthauza china. Mukamati "mwachita bwino zedi" mutakwiya, mawu akuvomereza koma liwu ndi maso zikukana. Ambirife timataya mawuwo n'kutola liwu, osaganizira n'komwe. Anthu ambiri a autism amayamba kugwira mawu, chifukwa mawu ndiwo amakhala pamodzimodzi, pomwe nkhope ndi kamvekedwe ka liwu zimasintha msanga ndipo zimafuna nthawi kuti aziwerenge. Onjezanipo phokoso la pa chinkhoswe, masipika akulira, anthu khumi akulankhula nthawi imodzi. Ena amadzazindikira kuti ankanyogodoledwa ali kale mu minibasi, ola litadutsa, ndipo manyazi a nthawi imeneyo amapweteka kuposa a pagulu aja.

Si onse amene ali chimodzimodzi. Alipo a autism amene amadya ndi nthabwala, monga Fern Brady wa ku Scotland ndi Hannah Gadsby wa ku Australia, amene amadzaza maholo, ndipo onse awiri anadziwa za autism yawo atakula kale. Pa siteji zinthu zimaphweka chifukwa malire ake amaoneka. Kumbukirani malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo, akamasewera ku French Cultural Centre. Ukalipira pakhomo, unkadziwa kuti chilichonse chonenedwa kutsogoloko ndi sewero. Pa chinkhoswe paja panalibe chikwangwani chotero. Panali mkamwini, ndi mlongo wamkulu wa mkazi wake akumuuza pamaso pa mbumba yonse kuti agule zakumwa. Kwathu kuno mawu a munthu ameneyo salemera pang'ono. Amuna anu anali ndi njira ziwiri: kukhala pansi, mwina n'kupezeka kuti anyoza akuchikazi, kapena kumvera. Anasankha ulemu. Ndalama ya lendi anailakwira, zimenezo sindikubisa, koma wodzimva amene amayi anu akunenayo sakanadzuka n'komwe pampando.

Kupima munthu ndi ntchito ya madokotala, osati ya kalata. Chodziwika n'chakuti autism imayenda kwambiri m'mtundu, ndipo makolo ambiri amadzizindikira okha pomva mafunso amene dokotala akufunsa za mwana wawo. Si ufiti, si kudyetsedwa, si kaleredwe. Dokotala Leo Kanner anailongosola mu 1943 ku America poona ana, koma kwathu kuno dzinali lafika mochedwa, moti anthu a autism a msinkhu wa amuna anuwo anakula akutchedwa odzimva, ogona, achizungu, olodzedwa.

Mu 2012 katswiri wina wofufuza, Damian Milton wa ku Britain, yemwenso ali ndi autism, analemba kuti kusamvana kumeneku kuli mbali ziwiri: wa autism amavutika kuwerenga enafe, ifenso timavutika kumuwerenga iye, koma mlandu timaukankhira kwa iye yekha. Taonani m'nyumba mwanu. Iwo analephera kuwerenga chete wanu. Inu munalephera kuwerenga Panado. Munthu anaona mkazi wake wasintha, zinamudetsa nkhawa, anafufuza chifukwa mmene akanathera, n'kupita kugolosale. Mwamuna wosasamala sagula mankhwala.

Tsopano ndikudzudzuleni, ndipo podzudzula inu ndikudzudzula tonse amene tinakulangizani. Atsikana athu timawauza pa chilangizo kuti mwamuna sayankhidwa maso ndi maso. Mkwiyo sutha chifukwa chakuti waletsedwa kutuluka pakhomo, umangofuna zenera. Ndiye mkazi amamenyetsa mapoto. Amaimba nyimbo ya kwaya mokweza, atasankha bwino ndime yake. Amakalipira mwana ndi mawu amene akupita kwa bambo, kapena kuthamangitsa nkhuku n'kumati "ena amangodziwa kudya". Masiku ano amaika mawu pa WhatsApp kuti dziko lonse liwerenge, kupatula kumuuza munthu amene agona naye mphasa imodzi. Amuna nawonso ali ndi zenera lawo: amalasa mkazi pagulu za thupi lake, za ndiwo zake, za kwawo, mkazi akakhumudwa n'kumati "iwenso, ndimangocheza". Mawu amenewo ndawaona m'makalata ambiri zedi, ndipo kawirikawiri amabwera munthu atavulala kale.

Zining'a ndi miyambi ndimazikonda, ndi chuma cha chinenero chathu. Pa maliro timati wakutiwakuti watisiya, ndipo n'koyenera kufewetsa choncho. Pabwalo la milandu mwambi umapulumutsa nkhope ya munthu wamkulu. Koma m'nyumba ya anthu awiri, pa nkhani ya lendi, kukuluwika kukuteteza ndani? Kumateteza wolankhulayo. Akapanikizidwa amatha kukana kuti sananene kanthu, pomwe mnzake wasiyidwa ndi ntchito yolosera. Timautcha ulemu, koma nthawi zambiri ndi mantha, ndipo nthawi zina ndi msampha: ndikuponyera mawu obisika, ukalephera kuwamasulira ndapeza mlandu wachiwiri wokuimba. Ndawerengapo makalata a mabanja amene anatha mkazi akuti "ankadziwa chimene chinkandipweteka", mwamuna akulumbira kuti sanauzidwepo. Amuna amenewo ambiri analibe autism. Kusiyana kwake n'kwakuti anu sadziwa kunamizira kuti amva.

Mwakhala ndi munthuyu zaka 9. Usiku uja munkadziwa bwino lomwe kuti mawu otembenuza sawafika. Munawalankhula chomwecho kuti mtima wanu upepuke, osati kuti iwo amve. Ndipo ndikufunseni: anthu akuseka ku Machinjiri kuja, inu munali kuti? Mwalemba za manyazi anu. Za manyazi a munthu amene dzina lake lasanduka makireti pa mafoni a abale anu simunalembe chiganizo ngakhale chimodzi. Mwana wanu wa zaka 7 akuona zonsezi. Tsiku lina anzake akusukulu adzamutuma zopusa kuti amuseke, ndipo adzakumbukira mbali imene amayi ake anaima pamene zinachitikira bambo ake.

Kwa ankhoswe musapite ndi mlandu, palibe chimene angaweruze. Khalani pansi awirinu, nthawi yabata, munene mawu osapsatira: "Ndinakwiya chifukwa ndalama ya lendi inapita osandifunsa. Ndinachita mantha kuti atitulutsa m'nyumba." Muwauzenso poyera kuti achimwene ankacheza ndipo analakwa. Mugwirizane kuti aliyense akawapempha ndalama pagulu, yankho likhale limodzi: "Ndikambirane kaye ndi mayi." Mukafuna kuwasereula, sereulani, koma muwonjezere kuti "ndikucheza", ndipo iwo akhale ndi ufulu wofunsa ngati mukunena zoona popanda inu kupukusa mutu. Ngati iwo eni akufuna kudziwa zambiri za mmene alili, ayambire kwa madokotala amene anaona mwana, kapena akafunse ku Queen Elizabeth Central Hospital. Koma musakalengeze kwa abale kuti amuna anu ali ndi chakuti musanamve maganizo awo.

Chinkhoswe chapita, ndiye kuti ukwati wa mng'ono wanu uli pafupi, ndipo kumeneko kudzakhala perekaniperekani, wolengeza akuitana alamu onse kuti abwere kutsogolo ndi ndalama zikuluzikulu. Usiku wa dzulo lake muwerengere limodzi ndalama yoti mukafupe, muisinthe kukhala ing'onoing'ono, yotsalayo itsale kunyumba. Ku holoko mukakhale pafupi nawo. Achimwene akadzangoyamba kuti "bwana makireti", wodzayankha mudzakhale inu.

Azakhali