Akaunti ija sanakutsegulireni ndi Shaitwani, achimwene

Assalamu alaikum achimwene a ku Joni amene munandilembera sabata yatha. Mwati mumagwira ntchito m'shopu ku Mayfair, malipiro akangolowa theka limathera pa kubetcha mpira ndi kandege, ndipo mukufuna dua yamphamvu yothamangitsira Shaitwani chifukwa wakukhalani pakhosi. Kalata yanu ndinaiwerenga katatu. Kachitatu ndinasiya foni pampando n'kutuluka panja, chifukwa mawu anuwo ndi omwe ine ndinalankhula pamaso pa shehe wina ku Limbe zaka zoposa khumi zapitazo.

Nthawi imeneyo ndinkagulitsa m'shopu ya nsalu. Za kubetcha pa foni tinalibe, yathu inali njuga ya makadi, kuseri kwa msika, pa katoni yoyala pansi. Sindinapiteko kukatchova. Ndinkangodutsa poweruka, n'kuima pang'ono kuonerera, chifukwa mmodzi mwa anyamatawo tinaphunzira limodzi madrasa kwathu ku Namwera. Mwezi wathunthu ndinali woonerera chabe, ndipo mumtima ndinkawadzudzula. Tsiku lina mnzangayo anati ndimugwirireko makadi akataye madzi. Pobwera anapeza ndawina. Anandigawira, anzake akuseka kuti mwana wa shehe ali ndi dzanja labwino. Ndalamayo ndinagulira nyama ya mbuzi, tinadya ndi ana, ndipo sinandiwawe pakhosi ngakhale pang'ono.

Patatha miyezi isanu ndi umodzi ndinadyetsa ndalama za feteleza. Mayi a kunyumba ankasunga m'kachitini ka mkaka, pang'onopang'ono kuchokera ku mandasi awo, zokwana matumba awiri. Anandipatsa m'mawa kuti ndikagule, pofika 9 koloko usiku ndinalibe ngakhale ya minibasi. Ndinayenda wapansi mpaka ku Bangwe ndikupeka bodza panjira. Ndinati andipisa m'thumba pa siteji. Iwo anandigwira mkono, kundiyang'ana ngati ndavulala, n'kunena kuti Alhamdulillah poti sanakubayeni. Mpaka lero mawu amenewo akandibwerera nsima imandikanika.

Ndiye ndinapita kwa shehe itatha Swala ya Asri. Anali mkulu wa thupi lochepa, wosoka makofia pakhonde la mzikiti. Ndinafotokoza zonse, n'kumaliza monga mwamalizira inumu: Shaitwani wandigwira, ndipatseni choti ndiziwerenga. Ndinkayembekeza kombe, madzi akumwa osukira ndime za Qur'an aja, kapena mayina oti ndizitchula kokwana chakuti. Iwo osakweza maso pa singano anafunsa kuti, "Ukaweruka umadzera njira iti?" Ndinati ya kumsika. "Palibe ina?" Ndinati ilipo ya kumsewu waukulu koma ndi yozungulira. "Magharibi umaswalira kuti?" Apo ndinangoti chete, chifukwa Magharibi inkandipeza nditanjuta pa katoni. Anandiuza kuti ndikawerenge Sura Ibrahim ndime 22, mawa ndidzere kumsewu waukulu, basi. Ndinachoka nditakwiya. Ndinkaona ngati mkuluyu alibe maphunziro, munthu wabwera ndi nkhani ya ziwanda iye akukamba za misewu.

Ndimeyo ndinaiwerengabe usiku womwewo, mwina pofuna kupeza powatsutsira. Ikunena za Tsiku la Chiweruzo, zonse zitagamulidwa, Shaitwani akulankhula kwa amene anamutsata. Akuti Allah anakulonjezani zoona, ine ndinakulonjezani n'kukunamizani, ndinalibe mphamvu iliyonse pa inu koma kungokuitanani, inu n'kuyankha, tsono musandinene ine, dzineneni nokha. Taganizani, amene ndinkamusenzetsa mlandu wa feteleza uja waukana kale mlanduwo, ndipo zalembedwa m'Qur'an imene inali pa shelefu m'nyumba mwanga.

Musaganize kuti ndinasiya pomwepo. Ndinadzera kumsewu waukulu masiku anayi, lachisanu ndinati ndikangowapatsa moni. Chimene chinandithyola ndi Ramadhani. Tonse timaidziwa hadisi ya kwa Bukhari ndi Muslim yoti mwezi umenewu ukalowa makomo a Jannah amatsegulidwa, a Moto amatsekedwa, ndipo ashaitwani amamangidwa unyolo. Ine ndinafunga tsiku lonse, ndinadya futari, ndinaswali Tarawehe kumbuyo kwa imamu, ndipo nditangovala nsapato miyendo inalunjika kuseri kwa msika. Ndili chigwirire makadi ndinadzifunsa kuti ngati iye ali pa unyolo, wandibweretsa pano ndani? Maulama ali ndi matanthauzo angapo a hadisiyi, ena amati omangidwa ndi akuluakulu okhaokha, koma usiku umenewo ine yankho ndinali nalo. Inali nafsi yanga, mtima wanga womwe ndi zilakolako zake, imene Sura Yusuf ndime 53 ikuti imalamula kwambiri zoipa. Ndinali nditaiphunzitsa ndekha njira ya kumsika mpaka sinkafunanso woitsogolera.

Apa ndilankhule mosabisa, ena akwiye. Ife Asilamu a kuno tazolowera kumugwiritsa ntchito Shaitwani ngati ganyu wotisenzera manyazi. Mnyamata wapereka mimba, ndi Shaitwani. Bambo wamenya mkazi, ndi Shaitwani. Msungichuma wa komiti wadya ndalama za malata a mzikiti, ndi majini. Ndipo pali anthu amene akudyerapo, amene angakuuzeni pa WhatsApp kuti tumizani marandi akuti ndikuwerengereni chiwanda cha njuga chichoke. Achimwene, amenewo ndi njuga yachiwiri. Ruqya ya m'Sunnah, kuwerenga Qur'an ndi madua pofuna machiritso, ilipo, ndipo mutha kudziwerengera nokha osalipira munthu. Koma munthu amene akugulitsani chiyembekezo choti musintha popanda kusintha kalikonse pa tsiku lanu, sakusiyana ndi kandege kaja.

Sindikunena kuti Shaitwani kulibe, Allah anditeteze. Mtumiki (swalla Allahu alaihi wasallam) ali pa itikafu, kubindikira mumzikiti popembedza, anaperekeza mkazi wake Safiyya usiku, amuna awiri a Chiansari, Asilamu a ku Madina, n'kuwaona, n'kufulumiza kuyenda. Anawaimitsa n'kuwauza kuti uyu ndi Safiyya. Iwo anadabwa kuti tingakuganizireni zoipa inu? Iye anati Shaitwani amayenda mwa munthu mmene amayendera magazi. Ali pafupi chotero. Koma chida chake ndi manong'onong'o, waswasa, monga ikunenera Sura An-Nas, ndipo Sura An-Nisa ndime 76 ikuti chiwembu chake n'chofooka. Amanong'ona kuti tikiti ya dzulo inaphedwa ndi timu imodzi yokha, lero ibwera. Chala chimene chimadina ndi chanu.

Mwina mukuti koma kubetcha mpira si njuga kwenikweni, pamafunika kudziwa matimu. Nanenso ndinkati makadi ndi luso. Arabu asanalowe Chisilamu anali ndi njuga yawo yotchedwa maisir. Ankagula ngamira, kuipha, n'kuchita maere ndi mivi 10, isanu ndi iwiri ya magawo, itatu yopanda kanthu, ndipo ogwera mivi itatuyo ndiwo ankalipira ngamira yonse. Nthawi zambiri nyamayo ankagawira osauka, moti wokana kutchova ankamuyesa woumira. Njuga yothandiza amphawi! Komabe Qur'an mu Al-Baqara 219 inati mu mowa ndi njuga muli tchimo lalikulu ndi phindu lina kwa anthu, koma tchimolo n'lalikulu kuposa phindulo. Kenako mu Al-Maida 90 ndi 91 inatseka nkhani, n'kutchula zimene Shaitwani amafunamo: kuika udani ndi chidani pakati panu, ndi kukutsekerezani kukumbukira Allah ndi Swala. Onani kuti ndimeyi sikudandaula za kuluza ayi. Ngakhale mutawina mwaluza. Ine Magharibi zanga zinathera pa katoni, ndipo mnzanga wa ku madrasa uja tinatukwanizana chifukwa cha ngongole mpaka sitinapatsane salamu zaka zitatu. Inu ndiuzeni, Loweruka mipira ya ku England ikamaseweredwa, Asri mumaswali nthawi yanji, ndipo pa sijida mutu umakhala uli kuti?

Chimene shehe wosoka makofia ankadziwa, ine osadziwa, n'choti chipembedzo chathu sichimakhulupirira kwambiri munthu wolimba mtima amene waima pafupi ndi tchimo. Pa chiwerewere Al-Isra 32 ikuti musachiyandikire. Pa Shaitwani Qur'an ikuti musatsate mapazi ake, chifukwa amakutenga phazi limodzi limodzi, monga ine, woonerera, wogwirira makadi, kenako mwini malo. Yusuf (alaihi salaam), mneneri mwana wa mneneri, makomo atatsekedwa anati Allah anditeteze, kenako anathamangira kukhomo mpaka malaya kung'ambika kumbuyo. Sanakhale m'chipindamo kuyesa mphamvu ya imani yake. Ndipo munthu wa m'hadisi uja anapha anthu 99, n'kukwanitsa 100 popha wopembedza amene anamuuza kuti kulapa kulibe, atafika kwa wodziwa anauzidwa kuti khomo la tauba n'lotsegula, koma achoke m'dziko lake chifukwa ndi dziko loipa, apite kumene kuli anthu opembedza Allah. Anamuuza kuti asamuke. Shehe wanga anangondichepetsera, anati ndisinthe msewu.

Tsono muchite chiyani

Dua mwapempha, nazi, ndipo mukuzidziwa kale: A'udhu billahi minash-shaitwanir-rajim pamene chilakolako chabwera, Ayatul Kursi pogona, Al-Ikhlas, Al-Falaq ndi An-Nas katatu m'mawa ndi madzulo. Koma lero lomwe tsekani akaunti yobetchera ija, chotsani app, tulukani m'gulu la WhatsApp la matikiti. Tsiku la malipiro, ndalama ya kumudzi ndi ya lendi ichoke musanafike kunyumba, yotsalayo akusungireni m'bale amene mumamuchitira manyazi, ndipo mumuuze chifukwa chake. Mukaterereka, tengani udhu, swalini maraka awiri a tauba, n'kupereka sadaka, poti Mtumiki anati ngakhale wongouza mnzake kuti bwera titchove apereke sadaka.

Ndikudziwa kuti yanu ndi yovuta kuposa yanga. Katoni yanga inali kuseri kwa msika, ndinkatha kuizungulira. Yanu ili m'thumba la buluku, mumagona nayo, ndi yomweyo imene amayi anu amakuimbiranipo. Ndipo ku Joni munthu akaweruka amabwerera m'kachipinda ka anthu anayi, opanda malume woti angamuone, Lamulungu lalitali ngati chaka. Ndawaona anyamata akwathu amene kumudzi sankaphonya Fajiri atafika uko n'kusungunuka, osati poti ndi oipa koma poti palibe amene amawafunsa. Pamenepa mwina muli ndi mwayi, poti ku Mayfair ndi Fordsburg mizikiti ili pafupipafupi. Sankhani umodzi woti Magharibi ndi Isha azikudziwani nkhope, mukasowa masiku awiri wina afunse kuti Mmalawi uja ali kuti. Ngati foni yaikuluyo ikukugonjetsanibe, gulani kakang'ono ka mabatani, ka tochi kaja, mukhale nako miyezi itatu. Anzanu akusekani, asekeni.

Chinthu chimodzi chimene shehe sanandiuze koma ndinachita ndekha patapita chaka, ndinawauza mayi a kunyumba zoona za feteleza uja. Anakhala chete nthawi yaitali, akupeta mpunga. Kenako anati ankadziwa, chifukwa thumba la buluku limene ndinati anandipisa linali lobooka kuyambira kale, ndipo ndalama ndinkaika la kumanzere.

Mundilemberenso mwezi ukatha, mundiuze ngati ya kumudzi yapita yonse. Wassalam.