Mwachotsa pulogalamu koma disiki C ikadali yofiira? Zotsalira zili mu AppData

Bambo wina watilembera imelo kuti: "Laputopu yanga ili ndi Windows 10 ndi disiki ya 128 GB. Ndachotsa iTunes ndi mapulogalamu ena awiri, koma mzere wa disiki C ukadali wofiira. Malo apita kuti?"

Bambo, mukadina Uninstall, zimene zimachoka ndi zomwe zinaikidwa mu Program Files. Zimene pulogalamuyo inadzisungira pamene munkaigwiritsa ntchito zimasiyidwa dala, kuti mukaibwezeretsa mupeze zonse zili momwe munazisiyira. Zimakhala m'mafoda obisika, makamaka mu foda ya AppData, momwe muli mafoda a Roaming ndi Local. Mzerewo umafiira malo otsala akachepera 10 peresenti.

Kuti muwaone mafodawo, tsegulani File Explorer, dinani View, chongani Hidden items. Pa Windows 11 ndi View, kenako Show. Njira yachidule ndi kudina batani la Windows ndi R pamodzi, n'kulemba %appdata%, zomwe zimatsegula foda ya Roaming. Mukalemba %localappdata% mulowa mu Local. Malo achitatu ndi C:\ProgramData, omwe amasunga za onse ogwiritsa ntchito kompyutayo.

Musafufuze dzina la pulogalamu lokha, chifukwa mafoda ambiri ali ndi dzina la kampani: Adobe, Mozilla, Google. Kwa inu, pitani mu Roaming, Apple Computer, MobileSync, Backup. Mmenemo ndi momwe iTunes imasunga zonse zokopera kuchokera mu iPhone, ndipo foni imodzi imatha kudya magigabaiti ambirimbiri. Ngati iTunes munaitenga pa Microsoft Store, lembani %userprofile% n'kutsegula foda ya Apple. Dinani kumanja pa fodayo, sankhani Properties, muone kukula kwake. Koma dziwani kuti foni ija ikatayika kapena kufa, zithunzi ndi mauthenga anu ali mmenemo. Kopererani kaye pa disiki yakunja.

Apa ndi pomwe ambiri amapsa nazo. Munthu amaona foda yaikulu, n'kuifufuta osafunsa mwini wake. Maimelo a Thunderbird amakhala mu Roaming, Thunderbird, Profiles. Mapasiwedi ndi mabukumaki a Chrome ali mu Local, Google, Chrome, User Data. Foda ya Package Cache mu ProgramData ndi ya C:\Windows\Installer musazikhudze. Mukazichotsa, mapulogalamu ena amakana kukonzedwa kapena kuchotsedwa. Foda ya Microsoft isiyeni.

Ngati mukukayika, musafufute. Sinthani dzina la fodayo powonjezera mawu oti "yakale" kumapeto, zimitsani kompyuta n'kuiyatsanso, mugwire ntchito sabata imodzi. Pulogalamu ina ikadandaula, bwezani dzina. Pakakhala zii, fufutani.

Windows ikakana ndi uthenga woti fayilo ikugwiritsidwa ntchito, ndiye kuti kachidutswa ka pulogalamuyo kakuyendabe mobisa. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc, muimitse mu Task Manager. Apple imasiyanso Bonjour ndi Apple Mobile Device Support, zomwe muyenera kuchotsa pazokha mu Settings, Apps.

Zamu %temp%, foda ya mafayilo osakhalitsa yomwe mumaitsegulanso ndi Windows ndi R, fufutani zonse, ndipo zokanazo dinani Skip. Za registry, komwe Windows imasunga makonzedwe ake, ife timati zisiyeni, sizidya malo oti n'kudandaula nawo, pomwe kulakwitsa kamodzi kungathe kugwetsa Windows.

Mukamaliza khuthulani Recycle Bin, apo ayi mzere uja sukhala utasintha mtundu.