Musanathamangire inshulansi yotchipa ya boti lanu ku Florida

Achimwene, mwalemba kuti inu ndi alamu anu mwagula boti la matanga la mtundu wa catamaran (lokhala ngati mabwato awiri olumikizidwa) pa madola 300,000, loti lizikhala ku Fort Lauderdale, mzinda wa ku Florida m'dziko la America, ndipo nthawi zina muzipita nalo ku Bahamas ndi ku zilumba za Caribbean, ndipo mukufunsa ngati pali vuto kutenga inshulansi yotsika mtengo pa ziwiri zomwe makampani akuonetsani. Ine ndingakulangizeni kuti mtengowo muyambe mwauika pambali, muwerenge ndime ya mgwirizano yomwe ikukamba za namondwe wopatsidwa dzina (namondwe wamphamvu yemwe akatswiri a zanyengo amamutcha dzina ngati la munthu), chifukwa kawirikawiri kutchipako kumachokera mmenemo.

Lamulo la Florida silikakamiza mwini boti kukhala ndi inshulansi, koma eni doko lomwe mudzakochezepo adzafuna umboni woti muli ndi yolipira katundu wa ena, yofanana ndi third party ya galimoto kwathu kuja, ndipo ngati munatenga ngongole, banki idzafunanso yoteteza boti lenilenilo. Pa yachiwiriyi funsani ngati adzalipire mtengo womwe mwagwirizana lero, kapena mtengo wa botilo pa tsiku la ngozi atachotsapo za kukalamba kwake. Njira yochotsa za kukalambayo ndi yotchipa, koma imaliritsa.

Tsono nkhani yaikulu ndi ndalama yomwe mwiniwake amayamba wadzilipirira yekha, yomwe kwathu timati excess ndipo kumeneko amati deductible. Pa ngozi wamba imakhala yochepa, koma namondwe akangopatsidwa dzina imawerengedwa ngati gawo la mtengo wonse wa boti. Ngati mgwirizano wanu ukunena 10 pa 100 iliyonse, madola 30,000 oyambirira adzatuluka m'thumba mwanu, ndiye kuti mlongoti utathyoka ndipo kukonza kwake n'kukwana madola 25,000, kampani sidzapereka ngakhale tambala. Mapepala ena otchipa kwambiri amangochotseratu namondwe yense pa zomwe akuteteza.

Onaninso malire a malo. Nyengo ya anamondwe pa nyanja ya Atlantic imayamba pa 1 Juni mpaka pa 30 Novembala, ndipo imafika poipa kuyambira mu Ogasiti mpaka Okutobala. Makampani ambiri amajambula dera lomwe boti siliyenera kupezekamo m'miyezi imeneyi pokhapokha mutalipira ndalama yowonjezera. Ena amafuna kuti likhale kumpoto kwa malire a Florida ndi Georgia kapena kwa Cape Hatteras ku North Carolina, ena kummwera cha ku zilumba za Grenada kapena Trinidad. Malirewa si chishango. Grenada inkaonedwa ngati kothawira mpaka namondwe Ivan anaisakaza mu Seputembala 2004, ndipo pa 1 Julaye 2024 namondwe Beryl anagunda chilumba cha Carriacou cha m'dziko lomwelo la Grenada nyengo itangoyamba kumene. Amene anaona zithunzi za ku Paraquita Bay pa chilumba cha Tortola, namondwe Irma atadutsa mu 2017, sangaiwale maboti omwe anabisidwa pamalo odziwika kuti ndi otetezeka ataunjikana ngati nkhuni, ena atagadabuka.

Kampani ikavomera kuti boti likhale ku Fort Lauderdale, idzakupemphani kulemba dongosolo la zomwe mudzachite namondwe akamabwera: komwe boti lidzakhale, ngati lidzakwezedwe kumtunda n'kumangidwa ndi malamba ku zitsulo zokhomedwa pansi, zingwe zingati, ndi dzina la munthu yemwe adzatsitse matanga ndi denga la nsalu inu mukadzakhala kulibe. Apa ndi pomwe ambiri amadzikola okha, chifukwa amalemba zokoma kuti pepala lidutse, kuiwala kuti zolembazo zikhoza kusanduka lonjezo lomwe kampani idzaligwire pa tsiku lopempha chipukuta misozi. Lembani zokhazo zomwe inu ndi alamu anu mungathe m'maola 48, poti chenjezo loyamba la National Hurricane Center, nthambi ya boma yolondola anamondwe ya ku Miami, limatuluka kutatsala nthawi ngati imeneyo, pomwe aliyense akulimbirana makina amodzi okwezera maboti. Mukamanga boti, lijambuleni mbali zonse, zingwe zikuoneka, ndipo malisiti musunge. Makampani ena amabweza gawo la ndalama yokwezera boti kumtunda, choncho funsani.

Chomwe anthu sachiona msanga ndi mtengo wochotsa boti lowonongeka. Namondwe Ian atadutsa ku Fort Myers Beach ku Florida pa 28 Seputembala 2022, maboti anapezeka m'misewu ndi m'mabwalo a nyumba za eni, ndipo kuwachotsa, pamodzi ndi kuyeretsa mafuta otayika m'madzi, ndi udindo wa mwini boti. Onetsetsani kuti ndalama ya ntchitoyi ili payokha, osati yodulidwa pa madola 300,000 aja. Ngati muli ndi maganizo onyamula alendo olipira, nenani tsopano, chifukwa inshulansi ya boti loyendera banja siteteza bizinesi.

Makampani adzafuna lipoti la katswiri woyeza boti litatulutsidwa m'madzi, ndipo ambiri amakayikira zingwe zachitsulo zogwira mlongoti zikapitirira zaka khumi. Zonsezi muzimalize Juni asanafike, pakuti namondwe akangoyandikira dera lanu, makampani amaleka kulandira makasitomala atsopano ngakhalenso kusintha mgwirizano mpaka atadutsa.