Mabuleki akulira koma ngongole sinathe

Funso: Ndili ndi galimoto yonyamula katundu yomwe ndinagula pa ngongole. Mabuleki ayamba kulira ndikaponda, ndipo makaniko akuti mapadi atha. Ndimati ndidikire miyezi iwiri kuti ndimalize kaye ngongoleyo. Pali vuto ngati, poti galimotoyo ikuimabe?

Yankho: Bambo, musadikire. Kuima ikuimadi, koma kuyenda nayo chonchi n'kutenga ngongole yachiwiri, ya chiwongoladzanja choposa cha kubanki.

Kulirako nthawi zambiri n'kwa kachitsulo komwe opanga mapadi amaikako dala kuti kazikhula disiki (chitsulo chozungulira pamodzi ndi tayala, chomwe mapadi amachigwira kuti galimoto iime) padi ikatsala pang'ono kutha. Padi yatsopano imakhala ya mamilimita 10 mpaka 12, ndipo ikafika pa 3 amakaniko ambiri amati isinthidwe. Mukapitirira pamenepo, kulira kumasanduka kukwecha: chitsulo chayamba kudya chinzake. Disiki imakumbika mizere yoti chikhadabo chimakodwamo, ndipo nthawi zina kalipa yomwe imapana mapadi imaonongekera pomwepo. Lero mukanagula mapadi okha, chinthu chotchipa pa zonsezi. Pakutha pa miyezi iwiri mungadzagule mapadi, madisiki, mwinanso kalipa, galimoto ili gone kugalaja, makasitomala atapeza wina wowanyamulira. Mwini ngongole sadzamva zoti galimoto inali pa jeke.

Apo sitinanene za ngozi. Galimoto yodzaza katundu imafuna mtunda wautali kuti iime, makamaka potsetsereka. Mukagunda munthu, ndalama sizingabweze moyo. Ngakhale mutangogunda galimoto ina, a inshuwalansi akhoza kukana kulipira akapeza kuti munkayendetsa galimoto yosayenera kukhala pamsewu. Werengani mapepala anu a inshuwalansi muone.

Sabata ino sinthani mapadi, kumanja ndi kumanzere komwe, osati tayala limodzi, apo ayi galimoto izikokera mbali. Makanikoyo aonenso mafuta a mabuleki. Mafutawa amayamwa chinyezi, n'chifukwa chake opanga magalimoto ambiri amati azisinthidwa zaka ziwiri zilizonse. Buleki ikamamira mofewa mukaponda, imikani galimoto tsiku lomwelo.

Ndalama zikaperewera, kalankhuleni ndi okongozawo tsiku lobweza lisanafike. Ndiye kuyambira pano, pa ndalama za tsiku lililonse muzipatula ya zokonzetsa musanawerenge phindu. Funsani makaniko mtengo wa mapadi, matayala ndi sevisi pa chaka, mugawe ndi masiku omwe galimoto imagwira ntchito.