Mlalang'amba wowala kuposa yonse, koma wobisika

Funso: Ndinamva pa wailesi kuti mlalang'amba wowala kuposa yonse suoneka bwino ngakhale pa telesikopu yaikulu. Chinthu chowala chingabisike bwanji? Komanso akuti pali ubale ndi ma quasar. Ana asukulu andipanikiza nalo funsoli. — Mphunzitsi wa sayansi, Ntcheu

Yankho: Aphunzitsi, chimene chikuubisa ndi fumbi. Makala akakwiririka ndi phulusa moto suoneka, koma mukayandikiza dzanja mumamva kutentha. Kuthamboko n'chimodzimodzi: fumbi limameza kuwala, limatentha, kenako n'kutulutsa mphamvuyo ngati infrared, kuwala kumene maso athu saona.

Milalang'amba (magulu aakulu a nyenyezi) yotereyi inadziwika bwino mu 1983, satelayiti ya IRAS itayamba kuunika thambo mu infrared. Wapafupi ndi Arp 220, umene kuwala kwake kumatenga zaka pafupifupi 250 miliyoni kuti kufike kuno. Kwenikweni ndi milalang'amba iwiri imene inawombana.

Ubale ndi quasar wagona pa kuwombanako. Mu 1988, katswiri wa zakuthambo David Sanders ndi anzake anafotokoza motere: milalang'amba ikawombana, mpweya ndi fumbi zimakhamukira pakati. Nyenyezi zimabadwa zambirimbiri, ndipo black hole yaikulu ya pakatipo (malo amphamvu yokoka kwambiri moti ngakhale kuwala sikungatulukemo) imapeza chakudya chochuluka. Zimene ikumezazo zimazungulira, zimatentha koopsa n'kuwala, ndipo quasar ndi imeneyo. Poyamba imakhala yofundidwa fumbi, koma mphepo yochokera kwa iyo yomwe imadzakankhira fumbilo kutali, quasar n'kuonekera poyera. Ine chitsanzo chimene chimandigwira mtima ndi mlalang'amba wa Markarian 231: quasar yayamba kuoneka, fumbi likadalipo, mpweya ukuthamangitsidwa. Tikuuona uli pakati pa ulendo.

Mlalang'amba umene munamvawo uyenera kuti ndi WISE J2246-0526, umene akatswiri a NASA, bungwe la ku America loona zakuthambo, analengeza mu 2015. Ndi waung'ono poyerekeza ndi mlalang'amba wathu, komabe umawala ngati madzuwa oposa 300 thililiyoni, ndipo kuwalako kwayenda zaka zoposa 12 biliyoni. Mu 2018, matelesikopu a ALMA a ku Chile anasonyeza kuti ukukoka fumbi ndi mpweya kuchokera ku milalang'amba itatu yoyandikana nawo.

Chonde anawo musawauze kuti mlalang'amba uliwonse wafumbi ukubisa quasar. Mu Arp 220 kutentha kwambiri kukuoneka kuti kukuchokera ku nyenyezi zobadwa kumene. Koma kuwala kukafika pa mlingo wa WISE J2246-0526, nyenyezi zokha sizingakwanitse, ndipo pamenepo mwini moto ndi black hole.